Zipolopolo za Azungu ndi Dzanja la Bambo

Mpaka lero ndikamva munthu akutama zipolopolo za ku Finland, mtima umandiwira. Mfuti sindinaigwirepo ine, koma zipolopolo zimenezo zinandidanitsa ndi bambo anga popanda kuomba n'chimodzi chomwe.

Bambo anabwera ku Nairobi kudzaona mdzukulu wawo, nakhala nafe ku South B masabata atatu. Dzanja lawo lamanzere lili ndi zala zitatu. Zinazo zinapita ndi gogodera, mfuti yosula okha, imene inawaphulikira akulondera nguluwe m'munda wa chimanga ku Ntchisi. Kwathu dzanja limenelo ndi mendulo yawo. Mlendo asanamwe n'madzi omwe amakhala atalionetsedwa kale.

Loweruka lina abwana anga akuntchito, mzungu wa ku Finland, anatiitana kukadya nawo masana. Tinapezako mnzawo wa ku America, wolongolola ngati wailesi. Nyama isanapse n'komwe, mkangano unali utabuka. Abwana ankati zipolopolo za kwawo n'zoyezedwa bwino, chilichonse n'chofanana ndi chinzake, ukaomba khumi zonse zimalowa malo amodzi, ndipo chisanu cha kwawoko sizichiopa. Wa ku America ankati zimenezo n'kudula chabe, za kwawo zili mbwee, mtundu uliwonse umene ungafune, ndipo zina zimatambasuka ngati bowa zikalowa m'nyama. Chondinyansa n'chakuti m'Kenya muno kusaka n'koletsedwa. Akuluakulu ndi ndevu zawo ankatosana m'maso chonchi chifukwa cha mapepala amene amakaboola kumalo ophunzirira kuombera, kunja kwa tauni.

Bambo anandikodola kuti ndiwauze chimene chavuta. Nditawafotokozera, nkhope yawo inawala. Anasendeza mpando, nakweza dzanja lija m'mwamba, n'kundiuza kuti ndiwamasulire azunguwo zimene anene. Anati iwo zipolopolo ankadula okha ku chitsulo cha njinga yakufa, ndipo ndi zomwezo anagwetsa nguluwe zimene zikanatigoneka ndi njala. Anati chipolopolo sichilakwa, wolakwa ndi wothira onga, ndipo tsiku limenelo iwo anathira wambiri chifukwa cha mkwiyo.

Ine, mbuzi ya munthu, ndinayang'ana matambula a vinyo patebulopo, manyazi n'kundigwira. Ndinaona ngati pofika Lolemba ofesi yonse ikhala itadziwa kuti ndine mwana wa mlenje wa zitsulo za njinga. Ndiye m'Chingerezi changa chosalala ndinati bambo akuti zipolopolo za ku Finland palibenso zina, ndipo zala zawo zinadulidwa ndi lamba wa chigayo. Abwana anaomba m'manja kuti apambana mkangano. Wa ku America anawasisita bambo paphewa, ati pepani, makina a kuno n'ngoopsa. Basi, onse anabwerera ku zipolopolo zawo, ndipo palibe anawayang'ananso bambo.

Chimene ndinaiwala n'chakuti bambo anaphunzira kumishoni. Chingerezi sayankhula, koma amamva bwinobwino.

Pobwerera tinakwera matatu, minibasi za kuno ku Nairobi. Titatsala pang'ono kutsika bambo anandifunsa, maso ali pawindo: "Chigayo chake chiti?"

Ndinayamba kutafuna lilime, kuti azungu sakanamvetsa, kuti mfuti zosula n'zoletsedwa, kuti ndimawateteza. Bodza lokhalokha. Iwo anangoti chabwino, n'kulowetsa dzanja m'thumba la jekete.

Azungu aja ndinawakwiyira sabata yonse, ndipo ndimawakwiyirabe. Ndi anthu otani okangana za kupha pamaso pa munthu amene anaphadi kuti ana ake adye, osamufunsa n'komwe? Koma wonama ndinali ine, ndipo palibe mzungu ananditumapo. Zimenezo ndi zimene zimandiwawa kwambiri.

Lamlungu la sabata yotsatira, titaweruka kutchalitchi, tinakacheza kwa Amalawi anzathu ku Pangani. Mayi wa panyumbapo, powathirira bambo madzi osamba m'manja, anaona zala zija n'kufunsa mwaulemu kuti anatani. Ndinadikira kuti nkhani ya nguluwe iyambike, ndipo ndinkaifuna ndi mtima wonse. Bambo anapukuta manja pang'onopang'ono, natembenukira kwa ine, ine amene chibadwire amanditchula kuti iwe.

"Afunseni abwanawa," anatero. "Ndi amene akudziwa zimene zinachitika."