Malalanje Obadwira pa Mandimu

Kumapiri a ku Vubwi, kumene mbuzi yosochera imatha kudya msipu wa maiko atatu tsiku limodzi, kunali mayi wina dzina lake Filomena Mbewe. Sanali munthu wotchulidwatchulidwa. Anali ndi nyumba yaudzu, nkhokwe imodzi yopendekeka, mbuzi zisanu, kadimba kudambo, ndi mwana mmodzi, Elina, amene anatengedwa chitengwa kutsidya kwa mtsinje.

Amuna ake, a Gervazio, anapita kukagwira ntchito kuminda ya azungu kupitirira Halale, ndipo pamudzi anali atayamba kale kuwatcha mtchona. Pa zaka zisanu ndi zinayi kunabwera kalata imodzi yokha. Mphunzitsi wa katekisimu ndiye anamuwerengera: "Amake Elina, ndili moyo. Pezani njere za mandimu, okhakhala khungu aja, mudzale kuseri kwa nyumba, ambiri ndithu, motalikirana. Zina mudzaona ndikabwera."

"Yathera pomwepo?" anafunsa Filomena.

"Pomwepo, mayi."

Kuchitsime nkhaniyo inaseketsa anthu mwezi wathunthu. Amuna a ena akutumiza nsalu ndi mabulangete, ake atumiza ntchito! Filomena anapsa mtima, komabe njerezo anazipeza, n'kuzifesa m'chigubu chosweka, n'kuwokera mbande khumi ndi zinayi. Chifukwa chake sankachidziwa bwino. Mwina chinali chakuti ukamathirira chinthu m'mawa uliwonse, tsiku limakhala ndi poyambira. Mitengoyo inakula yaminga, yolusa, yosaloleza ngakhale nkhuku kubisalamo.

A Gervazio anafika mu Disembala wa 1954, mvula itagwa kawiri. Anadzera njira ya ku Tete, ndipo anachita kulondoleredwa ndi anthu apaulendo mpaka pakhomo, chifukwa maso awo anali atayera mbuu. Ankangoona kusiyana kwa usana ndi mdima. Iwo ankati ndi mankhwala opopera mitengo amene anawagwera kumaso. Katundu wawo anali bulangete limodzi ndi chiguduli chonyowa chimene anachikumbatira ngati khanda.

Mlongo wake wa Filomena, a Lazaro, amene anali mwini mbumba, anabwera kudzawalonjera. Atamasula chigudulicho anapeza timitengo tokhatokha, totalika ngati chala, topanda masamba, titakulungidwa m'ndere zonyowa.

"Alamu, zaka zonse zija mwabwera ndi nkhuni?"

"Si nkhuni, alamu. Mtsinje uliwonse umene tawoloka ndakhala ndikuviika. Tikachedwa masiku awiri timitengoti tifa." Kenako anatembenukira kumene kunkamveka mpweya wa mkazi wawo. "Amake Elina, mandimu aja munadzala?"

Filomena anali ndi mawu ambiri amene anawasunga zaka zisanu ndi zinayi. Anawameza onse, n'kungoti, "Alipo."

A Gervazio anagwetsa misozi pamaso pa alamu awo.

Mawa lake dzuwa lisanatenthe Filomena anawagwira dzanja kupita nawo kuseri kwa nyumba. Bamboyo anagwada, n'kumasisita thunthu lililonse kuchokera pansi, osasamala minga. Anati ntchito imene anaphunzira kuminda kuja ndi yokwatitsa mitengo. Mndimu uli ndi mizu yolimba, suopa chilala, koma chipatso chake n'chowawasa. Mlalanje uli ndi chipatso chokoma, koma mizu yake ndi yaulesi. Ndiye umatenga kadiso ka mlalanje, kamene kamakhala pomwe tsamba linamera, n'kukalowetsa pansi pa khungwa la mndimu.

"Koma ineyo sindingathenso," anatero. "Lumo ili mulitenge ndinu."

"Ine? Ndidzapha mitengo yanga."

"Ina ifadi. Gwirani."

Anaika manja awo pamwamba pa manja ake. Manjawo anali okhakhala, achilendo, ndipo Filomena anachita manyazi ngati namwali. Anamuuza acheke khungwa modutsa, kenako motsika, osafika pamtima pa mtengo. Atatsegula ndi chikhadabo, khungwalo linasendeka mosavuta, m'kati muli tsee, monyowa ngati m'kamwa mwa mwana. Anasenga kadiso pa kamtengo kaja, kochepa kuposa njere ya mpunga, n'kukatsetserekera m'menemo. Kanalowa n'kukhala ngati kwawo. Anamanga ndi luzi, n'kumata phula la njuchi.

"Basi?"

"Basi. Zotsalazo si zathu."

Tsiku limenelo anakwatitsa mitengo yonse khumi ndi inayi. Ina anaika malalanje, itatu anaika manachesi.

Masabata atatu amene anatsatira, Filomena ankapita kumunda kukapalira chimanga, koma mtima uli kuseri kwa nyumba. A Lazaro anamupeza pamzere tsiku lina n'kumuuza mosabisa kuti mkamwini wosaona ndi pakamwa pongowonjezera, bwenzi atapita kwa abale ake akamusunge. Sanalankhule mwankhanza, chaka chimenecho nkhokwe zinalidi zopepuka. Filomena anapempha kuti adikire kaye aone za timitengo tija.

Tsiku lomasula luzi, timaso tisanu ndi tinayi tinapezeka titada bii, titauma. Koma pa mitengo isanu kadiso kanali kobiriwira, katatupa pang'ono, khungwa la mndimu litakakumbatira mbali zonse. Filomena anakhala pansi. Anali ataonapo mwana akubadwa, ataonapo chimanga chikumera, koma izo zimatuluka mwa make. Apa chinthu chodulidwa kutali, choyenda masiku m'chiguduli, chinali kuyamwa kwa mtengo umene sunachibale.

"Atate ake a Elina," anaitana motsitsa mawu, ngati kadisoko kangadzidzimuke. "Kali moyo."

"Angati?"

"Asanu."

"Ine ulendo woyamba anagwira awiri. Tsopano tengani chikwanje mudule mutu wonse wa mndimu, pamwamba pa kadisoko."

Apa mpamene anakangana. Mitengo imeneyo Filomena anaisenzera madzi zaka zinayi, inali itamupitirira msinkhu, ndiye aidule chifukwa cha kanthu kosaoneka n'komwe? A Gervazio anati akapanda kudula, mndimu udzadyetsa nthambi zake zokha, mlendoyo adzagona mpaka kufa. Filomena anachokapo, nakhala masiku awiri akuwapatsa chakudya mosalankhula. Tsiku lachitatu ananola chikwanje. Podula anatseka maso, ndipo pakhomo ponse panadzaza fungo la masamba a mandimu. Amayi opita kuchitsime anaima n'kugwira pakamwa. Panatsala zitsa zisanu, zili njo.

Pasanathe masabata awiri, pa chitsa choyamba panatuluka kamphukira kofewa, konyezimira ngati kapakidwa mafuta. Filomena anathyola kansonga ka tsamba, n'kukatikita, n'kukaika pamphuno pa amuna ake. Iwo ananunkhiza nthawi yaitali.

"Ameneyu si mndimu," anatero.

Kuyambira pamenepo moyo wa pakhomopo unazungulira mitengo. Ntchito yake sinali yooneka. Kunali kuthothola mphukira za mndimu zimene zinkaumirira kutuluka m'munsi, sabata ndi sabata, chifukwa mtengo suiwala mtundu wake. Kunali kumanga mpanda waminga kuti mbuzi zisafike. Mbuzi ina yamathothomathotho inalowabe n'kudya mtengo umodzi mpaka pachilonda, ndipo inadyedwa pa Khirisimasi popanda woimvera chisoni. Kunali chiswe, chimene Filomena ankalimbana nacho ndi phulusa ndi madzi a fodya. Nthawi ya chilimwe, chitsime chapafupi chikaphwa, ankatsika kudambo kasanu m'mawa, kasanu madzulo, mtsuko pamutu, mpaka nkhata inamudya tsitsi pakati pamutu. A Gervazio anamuphunzitsa kukwirira miphika yong'aluka pafupi ndi mizu kuti madzi azidontha pang'onopang'ono. Iwo ankakhala pamthunzi n'kumapota zingwe ndi kuluka madengu, ndipo ankadziwa mtengo waludzu pongofinya tsamba. Mitengo isanu ndi inayi ija imene inakana, Filomena anaikwatitsanso chaka chotsatira, yekha, ndi timaso tochokera pa mitengo yake yomwe. Inagwira isanu. Za kubweza mkamwini kwawo a Lazaro sanazitchulenso, ngakhale sananene kuti asintha maganizo.

Maluwa oyamba anabwera mu Seputembala wa 1957, dziko lonse lili gwaa, mapiri akuda ndi lupsa. Filomena anatuluka m'mawa ndi mtsuko n'kuima pakhomo. Fungo lake linali loti sanalimvepo chibadwire, lozuna, lolemera, lofika mpaka pakhosi. Mitengo inayi ija inali mbee, ndipo njuchi zinali zitafika kale, zochuluka moti mlengalenga munkalira ngati mukubwera galimoto kutali. Sanadziwe kuti zauzidwa ndi yani. Anapeza atagwada pafumbi, mtsuko uli pambali, akuchita chizindikiro cha mtanda. A Gervazio anatuluka akupapasa khoma, n'kuima, nkhope itapenya kumwamba.

"Kuminda kuja inalipo mitengo zikwi," anatero. "Koma sindinkaimva chonchi. Tinkangothamanga ndi makwerero."

Zipatso zinapsa m'nyengo yozizira ya chaka chotsatira. Lalanje loyamba Filomena analithyola ndi manja awiri, n'kulisenda, n'kugawa pakati. Theka anapatsa amuna ake, theka anapita nalo kwa a Lazaro, amene anawapeza akusema mpini. Mlongo wakeyo anatafuna, madzi akuyenderera m'ndevu, kenako ananyamuka mpaka kuseri kwa nyumba ya Filomena. Anagwada, n'kuyang'anitsitsa pamene panali chilonda. Panali potupa pang'ono chabe, ngati bondo. Anakanda khungwa la m'munsi n'kununkhiza: mndimu. Anakanda la pamwamba: mlalanje.

"Mtengo umodzi," anatero. "Alongo, zimenezi mwachita ndi manja anuwa?"

"Ine ndinangocheka ndi kumanga."

"Nanga anausokerera ndani m'katimu?"

Funso limenelo linakhala ndi Filomena moyo wake wonse. Anakwatitsa mitengo mazana pambuyo pake, koma tsiku lomasula luzi mtima unkamugundabe ngati poyamba.

Mbiri inayenda. Ena ankanong'ona kuti pali mankhwala, poti mtengo sungabale za mnzake popanda chizimba. Filomena sankatsutsana nawo, ankangowapatsa lumo kuti acheke okha. Anthu anayamba kubwera kuchokera mbali ya Nyasaland ndi ya kwa Apwitikizi, ena atanyamula nkhuku, ena chimanjamanja. Mphunzitsi wina wa mpingo wa Dutch anachokera ku Sinda panjinga, ulendo wa masiku awiri, kope lili m'thumba, ndipo anadabwa kupeza kuti katswiri amene anamumvera mbiriyo ndi mayi wosadziwa kulemba dzina lake. Filomena ankakonda kuphunzitsa amayi anzake. Ankati manja ozolowera kusankha timiyala mumpunga sanjenjemera pa kadiso. Pakhomo pake panawonjezeka mapeyala, magwafa ndi nthochi m'mphepete mwa khola, moti wochokera kuphiri ankaona kadontho kobiriwira pakati pa dziko lofiira, n'kudziwa kuti pamenepo ndi kwa amake Elina.

Mu 1963, chaka chimene boma la Chitaganya linkatha, kunagwa maliro a msuweni wake kutali m'dziko la Apwitikizi, kumudzi umene Filomena anali asanapondeko. Anayenda tsiku lathunthu ndi amayi anzake atatu. Pobwerera ludzu linawagwira, n'kupatukira pakhomo lina kukapempha madzi. Akudikira chikho, maso ake anagwera pa timitengo tisanu ndi kamodzi kuseri kwa nkhokwe, todulidwa mitu, kalikonse kali ndi mphukira imodzi yonyezimira. Miyendo inamutengera komweko yokha.

Mwini khomo, mayi wachitsikana wa mwana kumsana, anamutsatira ndi madzi aja.

"Mukudabwa, amayi? Kumeneku timati kukwatitsa. Pansipa ndi mndimu, pamwambapa patuluka malalanje."

"Zoona?" anatero Filomena. "Munaphunzira kuti?"

"Kwa apongozi anga. Iwo anaonera kwa mayi wina wa ku Nyasaland. Akuti zinayambira kwa nkhalamba ina yosaona, yaikazi, cha ku Vubwi uko, imene imalankhula ndi mitengo. Kaya n'zoona."

Anzake a Filomena anafuna kuseka, iye anawatsinzinira diso. Anagwada n'kuona kuti pachilonda sanamange ndi luzi. Anamanga ndi kachingwe kakuda kotanuka.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi chubu chakutha cha njinga, ndimachilenga tizingwe. Luzi limafinya mtengo ukamakula, komanso limalowetsa madzi. Ichi chimatanuka, ndipo dzuwa likachiwamba chimaduka chokha. Pa khumi amagwira asanu ndi atatu."

"Asanu ndi atatu!"

Filomena anakhudza kachingweko ndi chala, n'kukakoka pang'ono, n'kukasiya kabwerere. Anayang'ana mayiyo, amene sanali wamkulu kuposa Elina, n'kuyang'ananso mapiri amene anawoloka, ambirimbiri, osanjikizana mpaka kuzimiririka.

"Amake Elina, dzuwa lapendeka," anaitana mnzake wina ali kunjira. "Kwathu n'kutali."

"Tsogolani, ndikupezani pamtsinje," anayankha. Kenako anasendera pafupi ndi mayi uja, n'kukhala bwino pansi. "Mwanangu, tandionetsani mmene mumamangira. Muyambe poyambirira, pang'onopang'ono."