Chitenje chimene ndinachapira Mada

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pa msika wa Lizulu, zipani zambiri zitangoyamba kumene. Ndinali mtsikana, ndinkagulitsa kabichi wa amayi anga wochokera kwathu ku Biriwiri. A Najere, mayi amene ankagulitsa mbatatesi pafupi nane, anandiyang'ana tsiku lina n'kunena kuti, "Iwe ndiwe waukhondo. Mlongo wanga, mphunzitsi, akazi ake anamwalira n'kusiya mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Ungalere?" Ndinavomera ndisanamuone n'komwe mwanayo.

Dzina lake anali Madalitso, koma tonse tinkangoti Mada. A Najere anakhala nane masiku awiri kundionetsa ntchito. Matewera uyambe wawaviika mu ndowa, uwachape ndi sopo wamtanda, uwawiritse pa mbaula, utsukuluze katatu, uyanike pa chingwe, osati pa udzu. Akauma uwasite ndi simbi ya makala kuopa mphutsi. Pomanga thewera, chala chako chizikhala pakati pa pini ndi mimba ya mwana. Phala likhale lamadzimadzi, lothira nsinjiro, ndipo uyambe walidontheza padzanja pako. Potsanzika anati, "Mwana wosayamwa sachedwa kutsegula m'mimba. Chilichonse chimene amaika kukamwa, uzichapa."

Ine mawu amenewo ndinawagwiritsa ngati lamulo la ku tchalitchi. Kunena zoona, ndinkadzimva. Nyumba ija ndinaikwecha mpaka aphunzitsi ankachita manyazi kulowa ndi nsapato.

Chimodzi chokha chinkandisowetsa mtendere. Mada anali ndi chitenje chakale chobiriwira, chosuluka, ngodya imodzi yoderako ndi youma gwaa chifukwa cha malovu ndi phala. Popanda chimenecho sankagona. Ukamufunditsa, ankafunafuna ngodya ija, n'kuikhuza pamphuno, n'kuiyamwa, maso n'kuyamba kulemera. Ine chinkandinyansa. Koma nthawi iliyonse ndikasonkhanitsa zochapa ndinkapeza aphunzitsi achipinda n'kuchiika kuchipinda kwawo, ndipo ndinkangoti ndi chibwana cha amuna, sadziwa litsiro.

Sabata yachitatu, Loweruka, aphunzitsi analawirira ku boma ku Ntcheu. Chitenje chija chinatsala pa mphasa. Ndinati lero ndiye lero. Ndinachiviika, ndinachifikisa, ngodya ija ndinaipaka sopo kawiri, ndinachiwiritsa pamodzi ndi matewera. Dzuwa linali bwino, pofika masana chinali chitauma. Ndinachisita n'kuchipinda bwinobwino, mtima uli myaa.

Mada atadya phala lamasana ndinamugoneka n'kumufunditsa. Anapeza ngodya yake, anaikhuza pamphuno, anaima kaye. Anayesa ngodya ina. Anayesa yachitatu. Kenako anachikankha ndi timiyendo n'kuyamba kulira kulira kumene sindinamumvepo. Ndinamubereka, ndinazungulira naye nyumba, ndinamuyimbira, ndinamupatsa madzi pa supuni, ndinayang'ana ngati pini yamubaya. Ayi ndithu. Ndikamupatsa chitenje chija ankachinunkhiza n'kutembenuza nkhope. Analira mpaka mawu anasasa, kukamwa kuli yasa koma osatuluka kanthu. Nanenso ndinalira, ndisakudziwa chimene ndalakwa.

Aphunzitsi anafika dzuwa litapendeka. Anamunyamula mwana, kenako maso awo anagwera pa chitenje chija. Anachitola n'kuchifikitsa pamphuno pawo, monga ankachitira Mada. Anakhala pa mpando.

"Mwachichapa," anatero.

"Eya, bambo. Chinada."

"Chinali cha amayi ake. Zovala zawo zonse abale awo anagawana maliro atatha, ichi chokha ndinabisa. Ndi chimene ankamuberekera, ndipo chiyambire pomwe anachivula sichinalowe m'madzi."

Ndinagwada pansi. Ndinkayembekeza kuti anditukwana kapena andiuza kuti ndilongedze, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Iwo anangoti, "Dzukani. Simunalakwe, palibe anakuuzani." Mawu amenewo amandipwetekabe mpaka lero.

Mada anavutika pafupifupi sabata yathunthu, kugona pang'ono, kudzidzimuka, kuliranso. Anaonda. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kugonera kumsana kwanga, akuyamwa m'mphepete mwa chitenje changa choberekera. Chimenecho ndinasiya kuchichapa ndi sopo, ndipo nditachoka pa nyumba paja patatha zaka ziwiri, ndinamusiyira.

Pano ndili ndi ana anayi anga, ndipo ndalerapo a eni ake ambiri. Aliyense amakhala ndi kake, wina kabulangete, wina malaya akale a bambo ake, wina kansanza kosadziwika kumene kanachokera. Wanga womaliza ankakoka kansalu kake m'fumbi mpaka anzanga ankandiseka kuti mayi waukhondo uja wafera pati. Ndinkangowasiya aseke. Ndikalowa m'nyumba ya eni, ndisanakhudze ndowa, ndimayamba ndafunsa kuti mwanayu amagona ndi chiyani, nanga chinali cha ndani.

Mada sakumbukira chilichonse, anali khanda, ndipo anapeza fungo lina lomugoneka. Amene ndimawaganizira ndi aphunzitsi. Iwo analibe chitenje china choti azolowere.