Ba Mwansa Anakana Kuti Zikuwawa

Ine ndinakulira pa mulu wa salaula, zovala zakaunjika, ku Kanyama. Sukulu yanga inali yokangana mtengo wa buluku ndi munthu mpaka wina atope. Chaka china mvula inalowa mumsika, mabelo anga ananyowa n'kuchita nkhungu, ndinatsala ndi pakamwa pokha. Apo m'pamene Ba Charity, mayi wogulitsa tomato pafupi ndi ine, anandiitana.

"Iwe, batate banga babachita opareshoni ikulu. Kufunika mwamuna wonkhala nabo ku wodi. Ine nili na bana. Uzakwanisa?"

Ndinavomera ndisanafunse kuti ikulu bwanji. M'mutu mwanga ndinkaona mpando, mthunzi ndi malalanje a wodwala.

Bambo awo, Ba Mwansa, anali mkulu wa mpingo wina waung'ono ku Chawama. Madokotala anawachotsa chotupa kum'mero, ndipo kuti achifike anawatsegula pawiri, pamimba ndi m'nthiti. Nditalowa mu wodi ndinawapeza ali chagada pa bedi. Paipi ina inkachokera m'nthiti kupita m'botolo la madzi pansi pa bedi, ina inalowa m'mphuno, dilipi ili pamkono.

Sisita Zulu, nesi wamkulu wa wodiyo, sanandipatse nthawi yochita mantha. Botolo lisakwezedwe kupitirira chifuwa. Pakamwa pasalowe kanthu, ngakhale madzi. Milomo ikauma, ndiinyowetse ndi thonje. Ndiziwakhazika tsonga, azipuma mpweya wofika pansi, ndipo azitsokomola atakumbatira pilo pa bala.

"Ukabaona bapuma monga kankhuku, uniitane," anatero.

Akabwera, ankawafunsa kuti ululu uli pati, kuyambira pa ziro, pamene palibe kanthu, mpaka pa teni. Ba Mwansa yankho lawo linali limodzi: "Ziro, mayo. Nachira kale. Jakisoni musungire benangu."

Ba Charity ndiwo anandiuza chifukwa. Ku mpingo kwawo amaphunzitsa kuti chimene pakamwa pavomera ndicho chimakhala. Ba Mwansa analalikira zimenezo zaka zambiri. Kwa iwo, kunena kuti zikuwawa kunali kutsegulira matenda chitseko.

Patapita masiku ochepa zinthu zinavuta. M'mawa ndinawapeza thupi likutentha, thukuta lili kamukamu, dzanja litagwira chitsulo cha bedi ngati akuopa kugwa m'minibasi. Ankapuma pamwamba pokha, timpweya tating'ono. Ndinathamangira Sisita, nawo anaitana mayi wophunzitsa odwala kupuma ndi kuyenda. Mayiyo anamvetsera kumsana nati makhololo adzaza pansi pa mapapo. Ba Mwansa akapanda kuwatsokomola, chibayo chilowa, ndipo abwerera ku chipinda cha makina othandiza kupuma kumene anagona atangochoka ku opareshoni. Koma munthu wong'ambidwa nthiti angatsokomole bwanji ululu usanazizire? Sisita anafunsanso. Ziro. Jakisoni anaikananso, ndipo munthu wamkulu wa nzeru zake sumubaya mokakamiza.

Ndinawachonderera, osatheka. Nditakhala pansi n'kuwayang'ana, nkhope ija ndinaizindikira. Inali ya kasitomala amene jekete walikonda, koma akuyang'ana kumbali ngati sakulifuna. Zachipatala sindinkazidziwa, koma nkhope imeneyo ndiyo inandilera.

"Ba shikulu," ndinatero, kuwaitana ngati agogo anga, "ine pano naona teni."

"Ziro."

"Ziro? Na mwana angaseke. Chabwino, pakuti ndimwe, nakuchotserani. Naini."

Anatsegula diso limodzi. "Wani."

"Eya, manje tayamba kukamba! Koma wani ni ya munthu wamene bamuluma udzudzu. Imwe banakutsegulani monga mbuzi ya pa ukwati. Eyiti."

Anafuna kuseka. Kusekako kunawabaya m'nthiti mpaka anabuula, wodi yonse inamva. Atapezanso mpweya ananong'ona: "Iwe mwana ndiwe kawalala, ufuna kunibela. Folo."

"Folo simungagule nayo na sokosi imodzi. Seveni, ba shikulu. Yothera. Nikatsika apa ninshi nakubelani."

Msozi unawatsikira m'khutu.

"Seveni," anatero. "Koma wakamba ndiwe, osati ine."

"Ni ine, ba shikulu. Kumwamba bakafunsa, muzikabauza kuti ni uja wa salaula."

Sisita anali ataima kumapazi kwa bedi, manja m'chiuno. Anawafunsa ngati tsopano alola mankhwala, iwo anagwedeza mutu. Anawabaya, kenaka tinadikira kuti agwire ntchito. Dzanja litamasuka pa chitsulo chija, tinawakhazika tsonga. Anakumbatira pilo pamimba, mayi wophunzitsa kupuma uja anagwiriza mbali ya nthiti ndi thaulo lopinda, ine ndinawachirikiza kumsana. Anakoka mpweya, anakokanso, kenaka anatsokomola. Zimene zinatuluka sindingazilembe, pali ena akuwerenga akudya. Koma ndinamva msana wawo ukufutukuka m'manja mwanga, mpweya ukufika pansi.

Pambuyo pake Sisita anandikokera pakhomo. "Ululu uli monga moto wa mumsika," anatero. "Uzime ukali pa shopu imodzi." Kuyambira tsikulo mankhwala ankabwera pa nthawi yake, ululu usanakwere, makamaka asanadzuke kukayenda m'khonde. Kutentha thupi kunatsika. Ku makina sanabwerereko.

M'mawa uliwonse ndikafika, Ba Mwansa ankandiyang'ana mwaukali wabodza: "Lelo tiyambira pa zingati, kawalala?" Mpaka tsiku lotuluka sanatchulepo nambala ine ndisanayambe.

Ndinabwerera ku salaula, ndipo ndidakali komweko. Chimene ndinatola ku wodi ija n'chakuti nambala yoyamba imene munthu watchula si yeniyeni, kaya pa mulu wa mabuluku kaya pa bedi. Pamsika amaitsitsa posunga thumba, pa bedi amaitsitsa posunga ulemu. Wodwala wanu akanena kuti ziro chonsecho dzanja lagwira chitsulo, musanyamuke. Kokerani mpando pafupi, muyambire pa teni.