Chitseko Chotsiriza cha a Lexon

A Lexon Kamtedza ndi kalipentala, ndipo ku Area 1 aliyense akhoza kukulozerani kashedi kamalata momwe akhala akupaliramo matabwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Adabwera m'tauni muno kuchokera kwawo ku Malingunde ali ndi sowo imodzi ndi hamala yobwereka. Luso ali nalo, pamenepo palibe angatsutse. Chitseko chimene akhoma iwo sichilira, sichikhula pansi ngakhale m'dzinja. Koma phuma lake munthuyo! Kuyenda chothamanga, kudya choimirira, moni kuyankha atadutsa kale. Akazi awo, mayi Eveless, ankati adakwatiwa ndi kamvuluvulu.

Pakhonde la sitolo yoyandikana ndi shediyo pankakhala a Bwanali ndi makina awo osokera. Adali telala wochokera ku Mangochi, Msilamu, munthu wodekha mpaka kukwiyitsa. Nthawi ikakwana 10 koloko ankaimitsa makina, n'kutulutsa fulasiki ya tiyi ndi makapu awiri, komanso zitumbuwa zimene akazi awo, mayi Adija, ankawakulungira m'pepala.

"Achimwene, tiyi uja nayu," ankaitana motero.

"Ndikubwera, ndingomaliza aka," a Lexon ankayankha osatukula mutu.

Aka kameneko sikankatha. Akabwera, tiyi atazizira kale, ankangopapira ali chilili, diso lili ku thabwa. A Bwanali sankakwiya. Iwo ndiwo ankadula nsalu yoyera yokutira maliro kukagwa zovuta ku mzikiti kwawo, ndiye za imfa ankazinena poyera ngati akunena za mvula. Tsiku lina, akupinda nsalu yoteroyo, adati, "Achimwene, kukhala pansi ndiye ndakulepherani. Koma langa likadzafika, mudzaikeko phewa pa jeneza. Mudzandinyamuleko, ngakhale mapazi khumi okha."

Jeneza ndi chithatha chimene Asilamu amanyamulirapo maliro. A Lexon adaseka, nati, "Ndidzagwira kutsogolo, ndipo palibe adzandilande." Sadaname ayi, adanena kuchokera pansi pa mtima. Mnzawoyo ankamukonda, kungoti chikondi chawo chidali cha mawa.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mwezi wa June chaka china a Bwanali adagonekedwa m'chipatala ndi chibayo. A Lexon adati akawaona Lachisanu akamaliza ntchito ya ku Area 14, kwa mayi Ursula, omwe ankafuna zitseko zinayi zikhomedwe alendo a chinkhoswe asanafike. Lachinayi m'mawa ali m'minibasi, foni idalira. Adali Twahir, mwana wamkulu wa a Bwanali, bambo wa ana ake kale.

"Amalume, ababa atisiya m'bandakucha. Tiika lero lomwe, tikatha swala ya masana."

A Lexon adalira m'minibasi momwemo, osachita manyazi. Koma taonani zimene mutu wa munthu umachita. Kuti Asilamu sagoneka maliro ankadziwa, nanga zaka zonsezi ali m'tauni? Chimene chidawapusitsa ndi wotchi ya kwawo. Ku Malingunde akati mwambo uyamba masana, ndiye kuti kwaya iyimbe, a mfumu alankhule, oimira banja alankhule, nkhata ziikidwe, abusa alalikire mpaka mawu asase, bokosi n'kumatsika dzuwa litapendeka. Ku maliro a Chisilamu adali asanapiteko ndi kamodzi komwe. Pa maliro onse a anansi awo iwo ankangotumiza chipepeso, poti ntchito inkachuluka. Ndiye adawerengera okha mumtima kuti akakhoma zitseko ziwiri, n'kunyamuka 12 koloko, akapeza anthu asanayambe n'komwe.

Adakoleka jekete pamtengo wa mango, foni ili m'thumba momwemo, n'kuyamba ntchito. Ziwiri zidatha msanga, adaonjeza chachitatu. Mayi Ursula atamva za malirowo adati, "Pepani bambo, pitani, chinacho mudzamaliza mawa." Palibe adawakakamiza, tisamunamizire mayi wa eni. Adali iwo okha amene adayang'ana chitseko chachinayi chitatsamira khoma, mahinjesi ali pomwepo, n'kuona ngati ndi tchimo kuchisiya. Ndiye felemu lake lidali lopotoka, lidafuna kupala, kuyeza, kupalanso. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pomwe ankavala jekete nthawi idali itadutsa 2 koloko, ndipo pafoni pankaoneka kuti Twahir adawaimbira kasanu ndi kawiri.

Adakwera njinga yamoto ya kabaza, adutsa City Centre, awoloka mlatho wa Lilongwe, akukalipira wakabaza kuti akuchedwa, ngati wolakwa ndi iyeyo. Atafika pa nyumba ya siwa ku Area 1 adapeza amuna atakhala pamikeka panja, akusamba m'manja, dothi lofiira lili m'mapazi ndi m'mphepete mwa mikanjo. Kalipentala safunsa akaona utuchi. Adadziwa pomwepo kuti anthuwa abwerako kale.

Twahir adadzuka n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Sadawadzudzule, ndipo bwenzi zili bwino akadawatukwana.

"Tidakudikirani, amalume. Ababa adanena kuchipatala kuti kutsogolo mudzagwira ndinu. Ashehe adatilola tiime pakhomo la mzikiti pang'ono, tikuyang'ana kumsewu. Kenaka sitikadachitira mwina."

A Lexon adafuna kufotokoza, koma akadanena chiyani? Kuti felemu lidali lopotoka? Adangopempha kuti awalozere kumanda. Twahir adati awaperekeze, iwo adakana, poti adali ndi manyazi.

Kumandako adapeza mitumbira iwiri yatsopano, yoyandikana, poti tsiku limenelo adaika anthu awiri. Yonse idali yofanana, dothi lonyowa, popanda nkhata, popanda mtanda, popanda dzina. Adasuzumira uku ndi uku kufuna womufunsa, kudalibe munthu. Munthu amene adakhala naye khomo limodzi zaka makumi atatu, amene ankadziwa chifuwa chake chomwe akatsokomola kuseri kwa khoma, sadathe kudziwa kuti wagona pati.

Lero a Lexon akadali ku shedi kwawo, tsitsi layera, mawondo ayamba kukana. Pakhonde paja pali wogulitsa zikwama za mafoni. Anthu amati mkuluyu adasintha, masiku ano ukamupatsa moni amaika pansi chida n'kukufunsa za ana mmodzimmodzi mpaka iwe wemwe utope. Koma iwo akamakamba za tsiku lija sadzikometsera. Amati adavula chipewa, adaima pakati pa mitumbira iwiriyo, ndipo adapepesa kwa onse awiri.