Mayina amene sanayankhidwe

Thoko mwana wanga, lero chatha chaka chitisiyire. Ndakumbukira tsiku lija unanditengera kukoleji kumene unkaphunzitsa m'dera la Rathmines, kuno kutsidya kwa nyanja. Unayamba kutchula mayina limodzilimodzi, m'kalasi muli zii. Ine wolekezera Sitandade 4 ndinapsa mtima: "Ana amwano inu, aphunzitsi akuitana, simuyankha bwanji?" Iwe unati, "Adadi, amenewa sangayankhe. Ndi Ayuda amene anaphedwa pankhondo yachiwiri ya dziko lonse ija chifukwa chongokhala Ayuda."

Chuma cha dziko lino chitavuta, akuluakulu a koleji anathamangira kuchotsa phunziro lako la mbiri yakale lija, ati silipezetsa ntchito. Amenewo sindinawakhululukire mpaka pano. Koma ophunzira ako aja amasonkhanabe okha kutchula mayinawo, ndipo andipempha kuti Lachisanu ndikayambitse ndine. Suti ndasita kale.