Masaka Asanu ndi Limodzi a Amayi

Singano ya Amayi inali yaitali, yopindika kumapeto, yakuda ndi phula la fodya. Ankasokera mabelo kushedi ya famu ina ya ku Mvurwi kumene ndinabadwira, ndipo poweruka ankaibaya paduku kuti isatayike. Ndikaikumbukira m'kamwa mumandiwawa, pakuti ndi singano imeneyo Amayi anasoka chinthu chimene anadziimba nacho mlandu mpaka tsiku limene Ambuye anawaitana.

Chinali chaka cha chilala chija tinkadya sadza, nsima ya kumeneko, yachikasu yonunkha nkhungu. Ine ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kumsana kwanga kunkakhala kamlongo kanga, kamnyamata ka miyezi khumi. Magetsi ankangozimazima, ati madzi achepa ku Kariba. Mzungu wa famuyo ananena kuti dizilo amene alipo ndi wothiririra nazale za fodya basi, motero injini ya chitsime cha kukomboni kwathu inasiya kulira. Tinayamba kutunga kudamu, kumunsi kwa nazale, kumene ankatsukirako zigubu za mankhwala, kumenenso ng'ombe zinkamwa zikunyera momwemo. Madziwo anali obiriwira, a thovu m'mphepete. Kuwiritsa kunkafuna nkhuni, koma mtengo uliwonse wa pafamupo unali wa mabani ochiziramo fodya, ndipo mulu wa malasha pafupi ndi mabaniwo unali ndi mlonda wake. Ana anayamba kutsekula m'mimba nyumba ndi nyumba.

Kenaka kunabwera magalimoto awiri a anthu othandiza ochokera kunja, pamodzi ndi a boma. Anaimika magalasi a sola asanu ndi limodzi pachitsime, pa zitsulo zopendekera kumpoto. Nawo anabwera a tcheyamani a chipani a dera lathu, amene anali ndi botolositolo kumsika. Iwo sanakondwe kuti mphatso yotere igwere ife. Tinkawamva akutitchula dzina lonyoza obwera, akuti awa ndi mabwidi, savota, alibe kwawo. Zinali zoona kuti zitupa za makolo athu zinali za alendo, ngakhale Amayi anabadwira pafamu yoyandikana nayo ndipo ku Dedza ankangokumva m'nyimbo za agogo. Mzungu nayenso sanakondwe, chifukwa katundu wa boma akakhala pamalo pako, a boma amabwerabwera.

Alendowo analankhula Chingelezi ndi mzungu, Chishona ndi a tcheyamani, nakadya pakhonde la nyumba yaikulu. Amalume, amene ankayang'anira injini yakale ija, anangowapatsa sipanala ndi mawu amodzi: musamale. Palibe anaima kuwauza mmene chinthucho chimagwirira ntchito. Ndakhala m'misonkhano yambiri chikulireni, ndipo ndaona kuti mwambo umenewu sunathe: wogwira chinthu ndi manja ndiye amauzidwa pomaliza, ngati auzidwa n'komwe.

Masiku asanu madzi anatuluka oyera, ozizira, popanda utsi kapena phokoso. Azimayi a Chigwirizano anaimba pachitsimepo za mdzakazi uja amene Mulungu anam'tsegula maso m'chipululu, naona madzi mwana wake atatsala pang'ono kufa. Kamlongo kanga kanayambanso kuyamwa mwamphamvu.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Amalume anagwira galasi limodzi masana, ndipo linawaotcha dzanja. Anabwera kunyumba nkhope itagwa. "Achemwali, zinthu zija zisweka ndi dzuwa, ndipo mlandu ukhala wanga." Musawaseke. Pafamu ya fodya chilichonse cha mtengo wapatali chimabisidwa kudzuwa. Nazale amaiphimba ndi udzu, mabelo amawakutira ndi masaka, ngakhale thirakitala inali ndi mthunzi wake pamene ife tinalibe. Anthu amene moyo wawo wonse anakalipidwa chifukwa chosiya katundu wa mzungu padzuwa akanaganiza chiyani china?

Loweruka ataweruka, Amayi anakhala pansi pa mkuyu ndi masaka akale a kushedi. Anawachapa, nawasoka awiriawiri, napinda m'mphepete bwinobwino monga ankachitira ndi nsalu ya patebulo la kutchalitchi. Kuyambira pamenepo dzuwa likakwera Amalume ankaveka magalasi aja, likapendeka n'kuwavula. Madzi anayamba kungodontha m'mawa ndi madzulo. Anthu anati chitsime chikuphwa, monga zinkaphwera zitsime zonse chaka chimenecho. Tinabwerera kudamu.

Mzungu ankadutsa pamenepo tsiku lililonse panjinga yake yamoto, n'kuyang'ana, n'kupita. A tcheyamani anabwera kawiri. Ulendo wachiwiri ndinalipo, mwana ali kumsana. Anagwira mphepete mwa saka, nayendetsa chala pamsoko, nati, "Masona zvakanaka, amai." Anawayamikira kuti asoka bwino. Amayi anawomba m'manja mwaulemu, ndipo madzulo anauza anzawo kuti ngakhale akuluakulu aona. Mawu atatu okha akanakwana: chotsani masaka awa. Anthu awiri odana, amene sakanamwera kapu imodzi, anagwirizana pa kukhala chete osapangana n'komwe.

Patatha mwezi a boma anabweranso kudzaona. Anafika masana, ndipo amene anasankha nthawiyo ndikumudziwa tsopano. A tcheyamani anatukula saka ndi ndodo yawo ngati akutukula chinthu chakufa. Alendo anaseka, wina anajambula chithunzi, ndipo a tcheyamaniwo anati: "Ndinanena ine. Mungapatse anthu awa chinthu cha sukulu?" Anagwirizana zoti magalasi akaikidwe kumene anthu angawagwiritse ntchito moyenera. Amalume anawamasula okha ndi sipanala ija, chifukwa anauzidwa kutero. Amayi anagwada pafumbi, napepesa kuti aononga katundu wa boma.

Aphunzitsi athu ndi amene anatiuza m'kalasi mawa lake kuti palibe chimene chinaonongeka, kuti magalasiwo amadya dzuwa monga ife timadyera sadza. Mnzanga wina anafunsa chifukwa chake sananene kale, popeza njira yawo inkadutsa pachitsimepo. Anafufuta bolodi nthawi yaitali, nati titsegule masamu.

Magalasi aja ndinawaonanso tikupita kuchipatala. Anali padenga la botolositolo ya a tcheyamani kumsika, akunyezimira, akuziziritsa mowa. Malembo amasimba za wolemera amene anasiya khola lake lodzaza n'kukapha kamwana ka nkhosa kamodzi ka mmphawi. Kumeneko mneneri anabwera n'kuloza chala. Kwathu sikunabwere aliyense. Ndapemphera zaka zambiri kuti ndikhululuke, ndipo sindinama pamaso pa Mulungu kuti ndamaliza.

Kamlongo kanga kanamwalira mvula isanagwe, maso atalowa m'kati, liwombo litagwa. Tinakakaika kumalire a famu, kuseri kwa mabulugamu, kumene ankaikidwa anthu opanda mudzi. Pamanda Amayi sanatchule mzungu, sanatchule a tcheyamani. Ankangobwereza kuti, "Ndi manja angawa, Ambuye, ndi manja angawa." Ine ndinaimirira pambali pawo, kumsana kukundizizira chifukwa chosabereka kanthu, ndipo ndinawakhulupirira. Masiku ambiri ndinkakana kudya chakudya chimene manja amenewo aphika. Ndinkadziwa kuti kuba ndi tchimo, kunama ndi tchimo. Sindinkadziwa kuti munthu akhoza kupha mwana atangoima chilili, akumwetulira, akuyamikira msoko.