Mwala wa Achimwene

Fungo la ndere zouma pamiyala yotentha ndimalimvabe mpaka lero. Chaka chimenecho mvula inakana, ndipo mtsinje wa Mulunguzi unaphwa n'kutsala maiwe okhaokha. Tinkakhala m'munsi mwa phiri, kumene tsopano kwadzaza nyumba za Chinamwali. Bambo anali atapita kukafuna ntchito kuminda ya tiyi, osatumiza mawu. Panyumba tinatsala amayi, khanda lawo, ine, ndi achimwene anga a Layisoni. Ine mano akutsogolo anali atangoguluka kumene.

Nkhokwe inali yopanda kanthu. Tinkadya gaga wowawa ndi mango osakhwima ophika. Chotisunga chinali dziwe lina lakuya pakati pa matanthwe, kumene milamba ndi nkhanu zinkabisala m'mphanga zapansi. Achimwene ankazitsatira komweko. Popeza manja onse awiri ankafunika pogwira nsomba, iwo ankamanga mwala m'chiuno ndi luzi kuti uwatsitse. Chingwe china ankachimanga m'khwapa, ine n'kugwira nsonga yake ndili patanthwe. Akakoka, ndinkawathandiza kukwera.

Mwalawo anawasankhira ndi amalume, chaka cha m'mbuyo mwake, nthawi ya zokolola. Unali wakuda, wosalala, wokhala ndi mpata pakati pomwe luzi linkagwira. Amalume anayesa miyala yambiri asanaukhulupirire. Lamulo lawo linali lalifupi. Ukamanga mwala m'chiuno n'kudzaza mpweya m'chifuwa, madzi azikulekeza m'maso. Ukautulutsa, uzimira pang'onopang'ono. Mwala wokumiza mpweya uli m'chifuwa si wako. Amalumewo anamwalira njala itangoyamba, ndipo achimwene ankausunga mwalawo pansi pa chitsamba ngati chuma.

Miyezi inapita. Nthiti za achimwene zinayamba kuwerengeka, ndipo luzi la m'chiuno ankalizunguliza kawiri. Nsomba za m'mphanga zapafupi zinatha, zotsala zinali pansi penipeni. Ndinaona kuti akalowa m'madzi sankayandamanso kaye monga kale. Ankangoti phi, mutu n'kusowa. Potuluka milomo inkachita mbuu, ndipo ankagona patanthwe nthawi yaitali asanalankhule.

Tsiku lina m'mawa mabere a amayi anauma. Khanda linalira mpaka mawu kusasa. Ine ndi achimwene tinakwera kudziwe kuja.

"Achimwene, mwalawu wakula," ndinatero akumanga luzi.

"Unaona kuti mwala ukukula, iwe? Gwira chingwe. Ukachisiya ndikumenya."

Sindinachisiye. Izi ndimazinena poyera. Chingwe chinatsika, chinaima, kenako chinakoka kawiri. Ndinakoka ndi mphamvu zonse, mapazi nditaponda mng'alu wa tanthwe. Chinandisupula zikhatho koma sichinakwere. Chinagwedezeka pang'ono ngati pali nsomba, basi chinangoti zii. Ndinachikulunga pa muzu wa mkuyu ndi kukuwa, mpaka anthu ocheka matabwa m'nkhalango anatsika.

Anawavuula anthu atatu. Mfundo ya luzi inali itamangika ndi madzi, ndipo zikhadabo zawo zinali zothyoka poyesa kuimasula. M'thumba la kabudula munali nkhanu. Madzulo amayi anaziphika, tinadya maliro ali m'nyumba. Palibe amene anayang'ana mnzake.

Anthu anati dziwelo lili ndi eni ake. Ine ndinkati amalume anabwera kudzatenga mwana wa mlongo wawo, n'kukhala pamwalapo kuti ulemere. Ndinakula ndikuwada amalume.

Nditakalamba kale, m'masiku ano a zipani zambiri, ndinagwira ulonda pafupi ndi damu la paphiri. Kunabwera anyamata ogwira ntchito pansi pa madzi, ali ndi mabotolo a mpweya kumsana, m'chiuno atavala malamba a zitsulo. Mkulu wawo anayang'ana mmodzi woonda, namuchotsera chitsulo chimodzi. Ndinafunsa chifukwa. Anati mafuta a m'thupi amayandama, mafupa amamira, choncho munthu akaonda ayenera kupepuza lamba.

Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma zimenezo ndinazimva bwinobwino. Ine, mwana uja patanthwe, ndinaona zoona, ndinangolakwitsa mbali. Mwala sunakule. Anachepa ndi achimwene, tsiku ndi tsiku, ife tikudya zimene ankavuula.